Mafunso ndi Mayankho: Kasupe wa ku Tirta Empul

FUNSO: Mwana wanga wanditumizira chithunzi ali m'dziwe ku Bali, atamanga nsalu yobiriwira, madzi akumugwera pamutu. Akuti ndi kachisi wa Ahindu wotchedwa Tirta Empul. Kodi malowa anayamba bwanji? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, mtima pansi, mwana wanu sanasiye mpingo. Alendo amaloledwa kusamba nawo, bola avale mwaulemu. Kachisiyu ali ku Tampaksiring, pachilumba cha Bali ku Indonesia, ndipo dzinalo likutanthauza madzi opatulika otumphuka pansi. Mwambo wodziyeretsawo eni ake amautcha melukat: munthu amapereka nsembe ya maluwa, nkumaweramira mpopi uliwonse motsatana. Mipopi ina amaidumpha chifukwa madzi ake ndi a mwambo wa maliro, koma mlendo wotanganidwa ndi foni amangolowa pansi pake akumwetulira. Ine zoterozo zimandinyansa, ngakhale simunandifunse.

Okuperekezani adzakuuzani kuti mfumu yoipa Mayadenawa inathira poizoni m'madzi, asilikali a mulungu Indra nkumwa. Ndiye Indra anabaya nthaka, panatuluka kasupe amene anawadzutsa. Nthano yokoma zedi, ya pamoto usiku! Koma madziwo ndi mvula basi, yogwa kumapiri, yolowa m'miyala ya chiphalaphala nkudzatulukira kumunsi. Akachoka m'madziwe amatsikira mu mtsinje wa Pakerisan nkukathirira mpunga. Mu 2012 bungwe la UNESCO litalemekeza ulimi wothirira wa ku Bali, wotchedwa subak, dera limeneli linali momwemo.

Tsopano tifike pa mwala, paja mukudziwa kuti ine ndikaona mwala wolembedwa nsima imazizira. M'mudzi woyandikana nawo wa Manukaya muli mwala wakale wokhala ndi zilembo zofufutika. Anthu a m'mudzimo sankatha kuuwerenga, chifukwa kalembedwe kake kanaiwalika kalekale. Komabe chaka chilichonse, mwezi wachinayi wa kalendala yawo ukakhala wathunthu, ankaunyamula kupita nawo ku Tirta Empul kukausambitsa. Chifukwa chake? Makolo ankatero, basi.

Kenaka kunabwera katswiri wa zakale wa ku Netherlands, W. F. Stutterheim, nkuwerenga zilembozo. Zinkanena za mfumu ya banja la Warmadewa imene inakonza malo osambira pakasupeyo. Chaka chake ena amawerenga 960, ena 962, poti mwala wakalamba. Koma mwezi wolembedwapo ndi Kartika, wachinayi womwe uja! Taganizani, mayi: zaka pafupifupi 1,000, mibadwo ikubadwa ndi kufa, mafumu akugwa, Adatchi akubwera, anthu osadziwa zimene mwala ukunena ankasungabe nyengo ya mwambowo. Zilembo zinawathawa, koma miyendo yawo inkakumbukira njira. Ife amene timaiwala tsiku lobadwa la mkazi wathu pomwe lili mu foni, tizichita manyazi.

Nyumba yaikulu ili pamtunda pamwamba pa kachisiyo musaiyese yakale. Inamangidwa kuyambira 1957 kuti pulezidenti wa Indonesia wa nthawiyo, Sukarno, azipumulirako.

Mwana wanu akaimbanso, mufunseni ngati anadumpha mipopi ija. Akayamba chibwibwi, mumuuze kuti wasamba madzi a maliro.