Za Cigwa ca Domasi, Kucokera Masiku a Malemia ndi Kawinga Kufikira Masiku a Kongresi

Pa msonkhano wathu wa caka catha panabuka kamkangano pakati pa mamembala awiri acikulire, wina Mkristu, wina Msilamu, pa funso lakuti kodi Mfumu Malemia inacita bwino kulandira Azungu a misyoni m'dziko lace. Wapampando anauletsa mkanganowo pakuti dzuwa linali litapendeka, ndipo Komiti inandipatsa ine nchito yakufufuza nkhaniyi ndi kuilemba m'lipoti lino. Ine ndine kalaliki cabe, wozolowera kulemba makalata a eni ace. Tsono akuru andikhululukire ngati ndaponda pamene iwo akadalambalala.

Mtsinje wa Domasi ucokera pamwamba, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, nutsikira ku nyanja ya Chilwa. Eni ace akale a cigwaci anali Anyanja, amene ena awacha Amang'anja. Dr. David Livingstone pofika ku Chilwa m'caka ca 1859 anapeza midzi yao iri ciriri. Koma pobweranso mu 1861 pamodzi ndi Bishopu Mackenzie, amene anamanga pa Magomero, anapeza dziko litayamba kugwedezeka, pakuti Ayao analinkutsika ndi mfuti, iwonso atapitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala. Mwa mafumu amene anakhazikika m'zaka zimenezo, awiri ndiwo atikhudza ife: Malemia, amene anakhala m'tsinde mwa mapiri athuwa, ndi Kawinga, amene anamanga linga lace pa phiri la Chikala, kumpoto kwa nyanja. Onse awiri anali Ayao, onse awiri anadziwa njira ya ku nyanja yamcere, kumene minyanga ndi anthu omwe ankasinthidwa ndi nsaru, mfuti ndi wonga. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi.

M'caka ca 1884 Angoni a Chikuse anaoloka Shire nasakaza midzi ya kuno kumapiri, kotero kuti anthu ambiri anathawira pamwamba pa mapiri, ena pa cisumbu ca Chisi. M'caka comweco Alexander Hetherwick, mnyamata wa zaka 24 wa ku Scotland amene anafika ku misyoni ya Blantyre mu 1883, anatsegula misyoni pa Domasi, m'dziko la Malemia. Monga ndionera ine, mfumuyo siinamlandire cifukwa ca njala ya Mau a Mulungu ai. Inali pakati pa moto uwiri, Angoni kumadzulo ndi Kawinga kumpoto, ndipo inaona kuti mlendo wokhala ndi nsaru ndi mankhwala, amene abale ace ali pa Blantyre ndi pa Zomba, angacititse mdani kuganiza kawiri asanaukire. Imeneyo inali nzeru ya ufumu, ndipo sindiona cifukwa coicitira manyazi.

Hetherwick sanataye nthawi. Anaphunzira Ciyao kwa anthu a m'midzi yomweyi, mu 1889 naturutsa buku la malamulo a cinenedweco, namasuliranso Cipangano Catsopano m'Ciyao. Mu 1898 anakakhala mkuru wa misyoni yonse ya Blantyre m'malo mwa David Clement Scott. Ndiye anali wapampando wa bungwe limene linayang'anira kumasulira kwa Buku Lopatulika, lotsirizika mu 1922. Ndipo m'masiku ace Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana kukhala C.C.A.P. mu 1924. Anabwerera kwao mu 1928. Zonsezi zinaphukira pa Domasi.

Komatu Mau a Akristu sanali okha m'cigwa muno. Maulendo aja a ku nyanja yamcere anabwera ndi amwalimu odziwa kuwerenga Ciarabu. Makanjira wa kunyanja analowa Cisilamu ca m'ma 1870, mafumu ena a Ciyao namtsata, ndipo anthu onga Shehe Abdallah Mkwanda anayenda m'midzi kuphunzitsa anyamata. Cinamwali ca jando cinamanga Ciyao ndi Cisilamu pamodzi ngati mtolo umodzi. Pano ndipo panayambira cilonda cimene sicinapole msanga. Sukulu zonse zinali za misyoni. Kholo la Cisilamu linaopa kuti mwana akapita kukaphunzira mawerengero adzabwerako atabatizidwa, ndipo mantha ace sanali opanda pace. Cotero ukalaliki, uphunzitsi ndi nchito za m'cipatala zinagwera ana a Akristu, ana a Asilamu natsalira pa usodzi, utelala ndi malonda. Mbale wathu amene anadandaula pa msonkhano uja akadanena za ici, ine ndikadambvomereza.

Boma la Angelezi linakhazikika pa Zomba mu 1891, ndipo kumapeto kwa caka comweco Captain Maguire anakwera ku Chikala ndi asilikari a Cisikh ocokera ku India, koma linga la Kawinga silinagwe. Kuciyambi kwa 1895 Kawinga anatsika ndi nkhondo yaikuru kudzathira Malemia, ndi misyoni yomwe. Alfred Sharpe, amene anagwirizira boma pamene Harry Johnston kunalibe, anatumiza kagulu kakang'ono ka Asikh ndi Atonga, kotsogozedwa ndi Corporal Fletcher ndi Sajeni Bandawe, Mtonga. Iwo anamanga linga pa mudzi wa Malemia napirira m'menemo kufikira nkhondo ya Kawinga inabalalika. Posacedwa asilikari ena anakwera nalanda Chikala, Kawinga nathawira ku dziko la Apwitikizi. Kuyambira pamenepo munthu akanatha kupita kumunda wopanda kuopa goli la ukapolo, ndipo ici cokha ncacikuru. Koma tisaiwale mbali yina: Malemia anapulumuka kwa Kawinga nagwa m'manja mwa boma. Amene anali mwini dziko anasanduka wothandiza kusonkhetsa msonkho wa nyumba, ndipo malo ambiri abwino a m'boma la Zomba anali atalembedwa kale m'maina a Azungu a minda.

Mu 1911 misyoni ya Blantyre inadzoza abusa ace oyamba a ciAfrika, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, patapita zaka 35 ciyambire misyoniyo. Kunali kucedwa, pakuti Scott anafuna zimenezi kale lomwe, anzace namkaniza. Patangopita zaka 4, pa 23 January 1915, John Chilembwe anauka ku Chiradzulu. Azungu a minda anati colakwa ndi sukulu, nafuna kuti sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi akuda zitsekedwe. Pa bwalo lofufuza za nkhondoyo abusa awiri aja anaima nafotokoza madandaulo a anthu. Ndipo Hetherwick ananena poyera za mwambo uja wakuti munthu wakuda azibvula cipewa akakomana ndi Mzungu, nati Mzungu nayenso ayenera kubwezera ulemuwo. Nkhani ya cipewa ioneka yaing'ono lero. Kwa agogo athu siinali yaing'ono.

Tsono tifike pa sukulu ya Jeanes, imene inachukitsa dzina la Domasi m'dziko lonse. Dzinali ndi la mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, amene anasiya cuma cace kuti cithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda ku America. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924, ndipo boma litakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, sukuluyi inatsegulidwa pa Domasi mu 1929 ndi cithandizo ca ndalama za Carnegie, mkuru wace woyamba ndiye Rev. E. D. Bowman. Mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wace ndi ana, nakhala m'mudzi wacitsanzo; mwamuna naphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi, ulimi ndi ukalipentala, mkazi naphunzira kulera ana, kusoka ndi ukhondo. Pambuyo pace mafumu omwe ankaitanidwa kudzaphunzira. Palibe angatsutse kuti zitsime zosamalika ndi zimbudzi zinapulumutsa ana ambiri. Koma funso limene anthu ophunzira a nthawiyo anafunsa liri lolunjika: bwanji boma linafulumira kutiphunzitsa kukumba zimbudzi, pamene sekondale yoyamba m'dziko lonse, ya Blantyre, inadikira mpaka 1940, ya Akatolika pa Zomba 1942, ndi ya boma pa Dedza 1951?

Mmodzi wa ofunsa mafunso otere anali mwana wa kwathu konkuno. James Frederick Sangala anabadwira ku Naisi ca m'ma 1900, naphunzira m'sukulu za misyoni ya Ciskochi, naphunzitsako pa Domasi asanalowe nchito ya ukalaliki ndi yotanthauzira mau m'boma. (Akalaliki anzanga aone kuti nchito yathu siiri yonyozeka konse.) Masiku amenewo mabungwe onga lathuli anali ambiri, kuyambira lija la North Nyasa la mu 1912, koma liri lonse linkalira palokha, boma nkumayankha liri lonse palokha, kapena osayankha konse. Mu 1943 Sangala analemba kalata yozungulira kupempha kuti mabungwe onse akhale ndi pakamwa pamodzi. Mu October 1944 Nyasaland African Congress inabadwa ku Blantyre, Levi Mumba nakhala Pulezidenti woyamba. Sangala mwini sanalimbire mpando. Anadzaukhala mu 1954, pa nthawi yoipitsitsa, Citaganya citalowa kale ndipo anthu ambiri atataya mtima, naugwira kufikira 1957.

Caka ca 1953 ndico cobvuta kucilongosola. Kuyambira 1949 boma linasankha Domasi kukhala dera loyesera citukuko ca m'midzi, woyang'anira wace T. D. Thomson: makhonsolo a m'midzi, sukulu za akuru, ndi malimidwe atsopano oteteza nthaka. Zambiri mwa izi zinali zabwino. Koma malamulo a malimidwe m'dziko lonse anadza ndi faindi ndi ndende. Munthu wosapanga mizere yopingasa m'munda wace wa iye mwini ankatengedwa kubwalo, ndipo woweruza anali mfumu yace yomwe. Pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinaumirizidwa pa anthu amene anacikana ndi mau amodzi, mkwiyo wa mizere ndi mkwiyo wa Citaganya unasanganikirana. Mfumu Gomani ya ku Ntcheu inacotsedwa pa mpando cifukwa couza anthu ace kuti asamvere malamulowo. Mu August cipolowe cinabuka ku Thyolo, nicifalikira m'maboma ena a kumwera kufikira kuno ku Domasi, ndipo pomatha zonse anthu 11 anali atafa. Dera limene boma linaliyesa citsanzo ca kumvera linaonetsa kuti anthu ace anali ataphunziradi, koma si phunziro lokhalo limene analembera aphunzitsi. Patsogolo pace panadza za Dr. Banda mu 1958, za pa 3 March 1959, ndi ufulu wa pa 6 July 1964, zimene mamembala azidziwa bwino kuposa ine. Nkhope ya Sangala inaikidwa pa ndalama ya K100 mu 2012.

Pa funso lija la Malemia, yankho langa ndi ili: mfumuyo inasankha bwino pa zimene inakhoza kuziona mu 1884, ndipo zimene zinatsata, zokoma ndi zowawa zomwe, siikadatha kuziletsa. Koma mamembala azindikire kuti pafupifupi zonse zolembedwa za nkhondo ya 1895 zinalembedwa ndi Azungu a boma ndi a misyoni, amene anali mbali imodzi ya mlandu. Ana a Kawinga ali nayo mbiri yao, a m'mizikiti ali nayo yao, ndipo okalamba oisunga alikutha caka ndi caka. Cifukwa cace ndapempha Komiti kuti igule makope 12 ndi kuwapereka kwa mamembala a ku Chikala, ku Malosa, ku Naisi ndi kumadooko a Chilwa, kuti alembe zimene amva kwa akuru ao, m'Ciyao kapena m'Cinyanja, monga momwe zanenedwera, ndi kubweza makopewo kwa Mlembi usanafike msonkhano wa pambuyo pa kukolola.