Anthu Amene Anawerengetsera Kuwala kwa Dzuwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, tchire litapsa, fumbi lili koboo, dzuwa la madzulo limafiira ngati khala la moto mpaka munthu umatha kuliyang'ana osaphethira. Koma mvula yoyamba ikangotsuka mpweya, m'mawa mwake thambo limabwerera ku buluu wake, dzuwa lomwe lija n'kumakuthobwa m'maso. Dzuwa ndi lomwelo, chasintha ndi mpweya umene kuwala kwadutsamo. Nanga kuwala kumene kumatayika m'njiramo n'kochuluka bwanji, ndipo kumapita kuti? Panatenga zaka zoposa 200 kuti anthu ayankhe funsoli ndi manambala.

Tiyambire ku France. Pierre Bouguer analibe makina oyezera kuwala, anali ndi maso ndi makandulo basi. Ankayerekeza kuwala kwa mwezi ndi kwa kandulo, mwezi uli pamwamba komanso utatsikira m'munsi, pamene kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka. M'buku lake la mu 1729 anafotokoza kuti chigawo chilichonse cha mpweya chimatapa gawo la kuwala kumene kwatsala. Ngati chigawo choyamba chatapa gawo limodzi mwa magawo 10, chachiwiri chitapanso limodzi mwa 10 a zotsalazo: 100 asanduka 90, 90 asanduka 81. Zili ngati ngongole ya katapila, kungoti iyi m'malo mokula imachepa.

Lamuloli linanena kuchuluka kwa kuwala kotayika, koma silinanene komwe kwapita. Njira zake n'ziwiri. Kuwala kwina kumamezedwa n'kusanduka kutentha, kwina kumangomwazikira mbali zina. John Tyndall, munthu wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku Royal Institution ku London, anafufuza zonse ziwiri. Mu 1859 anaonetsa kuti nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide zimameza kutentha. Patatha zaka pafupifupi 10, anawalitsa nyali m'chubu chagalasi mmene munali tinthu ting'onoting'ono toyandama, ndipo m'katimo munaoneka kamtambo ka buluu. Thambo m'botolo, titero kunena. Iye anaganiza kuti buluu wa kumwamba amachokera ku tinthu totere toyandama mumpweya.

Amene anaika masamu pankhaniyi ndi John William Strutt, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti Lord Rayleigh. Mu 1871, ali ndi zaka 28, anatenga mfundo yoti kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse wa mu utawaleza uli ndi utali wake wa funde. Anapeza kuti tinthu tochepetsetsa timamwaza kwambiri mafunde aafupi: ukafupikitsa funde ndi theka, kumwazika kumachuluka ka 16. Mafunde a buluu ndi aafupi, choncho amamwazika kuposa kasanu poyerekeza ndi ofiira, n'kudzaza thambo lonse. Madzulo kuwala kumadutsa mpweya wautali, buluu n'kuthera m'njira, kufiira n'kutipeza ife.

Chimene ndimachikonda pa mkuluyu n'chakuti sanakakamire pa yankho lake loyamba. Mu 1899 anabwereranso ku funsoli n'kuonetsa kuti fumbi silofunikira konse. Timamolekyu ta mpweya weniweniwo n'tokwanira kupanga buluu. Ngakhale mutasefa mlengalenga monse, thambo likhalabe buluu.

Koma masamu a Rayleigh amagwira ntchito pa tinthu tochepa kwambiri kuposa funde la kuwala. Nanga madontho a mumtambo, kapena fumbi la m'chilimwe? Yankho linachokera kumene palibe ankayembekezera. Mu 1908 Gustav Mie wa ku Greifswald, ku Germany, ankafuna kumvetsa mitundu ya madzi mmene muli tizidutswa ta golide, ndipo analemba masamu a kanthu kobulungira ka msinkhu uliwonse. Masamuwo ndi amene amatiuza kuti madontho aakulu amamwaza mitundu yonse pafupifupi mofanana, n'chifukwa chake mitambo imayera ndipo thambo la fumbi limatuwa. Kuwerengetsera pamanja kunali chintchito, moti anayamba kugwiritsidwa ntchito mokwanira makompyuta atabwera.

Panatsala vuto lina. Kuwala sikumwazika kamodzi n'kuthera pomwepo. Kumagunda apa, kubwerera apo, kukhudza nthaka, kukweranso. Subrahmanyan Chandrasekhar, wobadwira ku Lahore amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Chicago, anasonkhanitsa njira zowerengetsera kuzungulira konseku m'buku lake la mu 1950, Radiative Transfer. Iye anali katswiri wa nyenyezi, koma masamu ake anakwanira bwinobwino pa mpweya wathuwu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mwina mukuti, zonsezi zitipindulira chiyani? Dziko limabweza kumwamba pafupifupi magawo 30 mwa 100 a kuwala kwa dzuwa, ndipo nambala imeneyi ikasuntha pang'ono, kutentha kwa dziko kumasunthanso. Masamuwa anayesedwa poyera pamene phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika pa 15 Juni 1991, n'kuponya mpweya wa sulufule kumwamba kwambiri, kumene unasanduka timadontho tobweza kuwala. James Hansen ndi anzake a ku NASA anawerengetsera, n'kulengeza mu Januwale 1992 kuti dziko lizizira ndi pafupifupi theka la digiri. Chaka chomwecho zoyezera kutentha zinaonetsa kuzizira kofanana ndi komweko. Ananeneratu, osati kufotokoza zitachitika kale. N'chifukwa chake masamu omwewa akamatichenjeza za carbon dioxide, sibwino kuwayesa nthano.

Utsi wathu uja nawonso unalowa m'mawerengedwe amenewa. Mu Ogasiti ndi Seputembala 2000, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000, akatswiri anayeza utsi wa moto wa m'tchire kum'mwera kwa Africa pogwiritsa ntchito ndege, masetilaiti ndi makina oloza dzuwa, ena mwa iwo ali ku Mongu, ku Zambia. Ankafuna kudziwa kuchuluka kwa kuwala kumene utsiwo umameza ndi kumene umabweza, pakuti utsi wakuda umatenthetsa mpweya wa m'mwamba uku ukuchepetsa dzuwa lofika pansi. Funso lake ndi lomwe lija la Bouguer, kungoti kandulo analowedwa m'malo ndi makina.