KHOBIRI LAKALE SI MPHIKA

M'midzi yambiri ya kumwera kwa Mzimba, ku Embangweni, ku Edingeni mpaka ku Jenda, mukatsegula bokosi lachitsulo limene agogo adabwera nalo kuchokera ku Joni, pansi pa zovala mumapeza kansalu komanga mfundo. M'menemo muli ndalama zimene sizigulanso kanthu: makhobiri oboola pakati, matiki, masikisi ndi mashilingi. Zada bii, zina zachita ndere, ndipo munthu waukhondo akangoziona amafuna phulusa ndi mchenga kuti azikweche monga achitira mphika wa nsima. Lero tiyambe taona kumene ndalamazi zidachokera, kenaka ndikuuzeni chifukwa chake phulusalo liyenera kutsala pamafuwa.

Chuma cha Angoni a M'mbelwa chidali ng'ombe. Dziko lao lidachedwa kuloŵa m'manja mwa boma la Angerezi, kufikira chaka cha 1904 pamene Sir Alfred Sharpe adakumana ndi mafumu ao ku Ekwendeni. Msonkho wa nyumba udayamba mu 1906, ndipo msonkhowo unkafuna mashilingi. Kodi shilingi akadaipeza kuti munthu wa ku dera lopanda minda ya Azungu ya tiyi kapena ya fodya? Amuna adanyamuka ulendo wapansi kunka ku Halale, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Ena sadabwerere, ndiwo matchona aja. Amene adabwerera adadza ndi ndalama za maiko atatu kapena anayi m'thumba limodzi, n'chifukwa chake kansalu ka agogo kali kosakanizika chotero.

Ndalama iliyonse idalembedwa chaka chake, ndipo chakacho ndicho chimaulula chitsulo chimene adaipangira. Mashilingi a ku Mangalande a chaka cha 1919 kubwerera m'mbuyo ali ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000. Kuyambira 1920 siliva adatsika kufika pa theka, ndipo mu 1947 adachotsedweratu, m'malo mwake nkuika mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Southern Rhodesia idayamba kukhala ndi ndalama zakezake mu 1932, zimenenso zinkayenda kuno ku Nyasaland. Shilingi yake mudzaizindikira ndi mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe. Nazonso zidataya siliva mu 1947. Tiki ya ku South Africa, kandalama kakang'ono kosavuta kutayika kaja, kuyambira 1923 idali ndi magawo 800 a siliva.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene makolo athu adachikana kwamtuwagalu, chidatulutsa ndalama zake mu 1955. Pakhobiri loboola pali njovu ziŵiri, patheka la khobiri akadyansonga aŵiri, pashilingi mphalapala, ndipo pandalama ya mashilingi aŵiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Zathuzathu zidadza mu 1964 ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda: tambala pasikisi, chimanga pashilingi, njovu pamashilingi aŵiri. Mu 1971 kudabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi nkusanduka makwacha aŵiri, shilingi nkukhala 10 tambala.

Pamenepa ndiime pang'ono. Mwina mudamvako mphekesera yakuti khobiri loboola lili ndi golide kapena mankhwala obisika m'kati mwake, ndipo kuti aliko anthu ogula ndi ndalama zochititsa mantha. Bodza limenelo. Khobirilo ndi mkuwa chabe wosakaniza ndi tizitsulo tina pang'ono, ndipo adapanga miyandamiyanda, kotero mtengo wake ngwochepa. Osonkhanitsa ndalama zakale amayang'ana zinthu ziŵiri: ngati za chaka chimenecho zidapangidwa zoŵerengeka, ndiponso ngati nkhope ya ndalamayo ikali monga idatulukira kosulira. Choyambacho sitingachisinthe. Chachiŵiricho ndicho timaononga ndi manja athu.

Ndidaziona ndekha kwathu. Agogo atatsikira kuli chete, msuweni wanga adapeza shilingi yasiliva ya mbalame ija, ya nkhope ya Mfumu George V. Idali yotuŵa mokongola, m'mbali mwa malemba muli timizere takuda. Iye adaifinyira ndimu, naikwecha ndi phulusa mpaka idaŵala ngati supuni yatsopano. Tonse tidamtama. Koma ataionetsa kwa mkulu wina wodziŵa za ndalama zakale, mkuluyo adaipendeketsa padzuŵa, namuonetsa tizikanda tosaŵerengeka tonka uku ndi uku, nthenga za mbalame zitasalala. Adangoibweza. Chidali chikomekome cha mkuyu.

Chimachitika n'chotere. Posula ndalama, chidindo chimatsindira chitsulo ndi mphamvu yaikulu, nkusiya pamwamba pake khungu lopyapyala limene limaŵala mwa mtundu wakewake. Pakupita zaka, siliva amada chifukwa cha sulufule wa mu utsi ndi mu mpweya, mkuwa nkufiirira ngati dothi lakatondo. Kudako sikuli litsiro ai; chitsulo chenichenicho ndicho chasintha maonekedwe, ndipo pamkuwa chimakhala chophimba choteteza za m'kati. Phulusa, mchenga, sitiliwulu, mankhwala otsukira mano ndi mankhwala opukutira mkuwa monga Brasso, zonsezi zimapala khungulo. Ndimu, viniga ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimalidya, khobiri nkusanduka lofiira moyezuka ndi timaenje. Chimene chapalidwa sichimeranso.

Tsono tichite chiyani ndi ndalama yomatirira dothi, monga imene khasu lafukula pabwinja? Igwireni m'mphepete, chifukwa thukuta la zala lili ndi mchere. Iviikeni m'kapu yagalasi ya madzi oyera. Abwino koposa ndi madzi osungunula aja othira m'batire ya galimoto, amene sadasakanizidwe ndi asidi. Akasoŵa, tcherani madzi a mvula m'mbale yotsuka bwino. Sinthani madziwo tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa mlungu wathunthu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dothi likafeŵa lidzagwa lokha. Ngati pali mafuta, kadontho ka sopo wamadzi n'kokwanira, kenaka mutsukuluze kangapo. Poumitsa muigoneke pansalu yofeŵa ndi kuisindikiza pang'onopang'ono, osapukuta. Ndalama imene ilibe dothi, yangoda chabe, isiyeni momwemo.

Ndere zobiriŵira zili mitundu iŵiri. Zolimba ndi zosalala zilibe vuto. Koma zikakhala zaufa, zoyoyoka mukazikhudza, ndiye kuti mchere ndi chinyezi zikudya mkuwawo. Ndalama yotero ipatuleni kwa zinzake, muiike pouma, ndipo mukafunse akatswiri a ku nyumba zosungiramo zinthu zakale. Mukafukula mphika wathunthu wa ndalama, musaugaŵane msanga. Dziŵitsani mfumu ndi a boma oona za zinthu zakale, popeza malo ake ndi zaka zake pamodzi zingatiuze nthaŵi imene mwini wake adaukwirira.

Posunga, musazimange ndi mphira, chifukwa mphira uli ndi sulufule wodetsa siliva, ndipo musaziike m'timatumba tapulasitiki tofeŵa, timene timatuluka thukuta lobiriŵira pakapita zaka. Iliyonse ikhale m'kaenivelopu kakekake kapepala, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Pakaenivelopuko lembanipo ndi pensulo dzina la amene adabwera nayo, mgodi kapena famu imene adagwirako ntchito, ndi chaka chimene adafika kumudzi, ngati alipobe wamkulu amene akuchikumbukira.