Kuchokera ku phanga la Hira kufika m'manja mwathu: mmene Qur'an inasonkhanitsidwira



Ukafika mwezi wa Ramadhan, Msahafu umene miyezi ina umangokhala pamwamba pa kabati utakulungidwa m'nsalu umatsika n'kubwera m'manja. Ena a ife timawerenga juzu imodzi patsiku kuti pofika Eid tikhale titamaliza, ena timaima kumbuyo kwa imamu pa Tarawehe mpaka miyendo kuwawa. Koma ana athu akapita kusukulu amakumana ndi funso ili: mukudziwa bwanji kuti buku lanuli ndi lomwe lija anasiya Mtumiki wanu? Mwana amene sanauzidwe mbiri amasowa choyankha, ndipo funsolo amabwerera nalo kunyumba likumuvutitsa mumtima. Funsoli ndi loyenera kufunsidwa. Yankho lake lili m'mbiri ya anthu odziwika mayina awo, zaka zawo ndi malo awo, choncho tiyeni tiilondole.

Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam) anabadwira ku Makka cha m'ma 570, mu mtundu wa Quraysh. Anakula wamasiye: bambo ake Abdullah anamwalira iye asanabadwe, mayi ake Amina anamwalira iye ali ndi zaka 6. Atakwanitsa zaka 40, mu 610, m'mwezi wa Ramadhan, ali yekha m'phanga la Hira, anamufikira mngelo Jibril ndi ndime zisanu zoyambirira za Surat Al-Alaq. Anathamangira kunyumba akunjenjemera, ndipo woyamba kumukhazika mtima pansi ndi kumukhulupirira anali mkazi wake Khadija (RA). Kuyambira pamenepo chivumbulutso chinkatsika pang'onopang'ono kwa zaka 23: zaka 13 ku Makka, ndi zaka 10 ku Madina pambuyo pa msamuko wa Hijra wa mu 622. Ndime zina zinkadza poyankha funso, zina potonthoza pa nthawi ya mazunzo, zina pokhazikitsa lamulo.

Mtumiki (SAW) sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo Aarabu a nthawiyo ankasunga ndakatulo ndi mibadwo ya makolo awo pamtima. Motero nkhokwe yoyamba ya Qur'an inali mitima ya anthu. Maswahaba ankaloweza ndime zikangotsika, n'kumaziwerenga pa swala usana ndi usiku. Ramadhan iliyonse Jibril ankabwereza ndi Mtumiki (SAW) zonse zimene zinali zitatsika, ndipo m'chaka chomaliza cha moyo wake anabwereza naye kawiri.

Nkhokwe yachiwiri inali zolemba. Mtumiki (SAW) anali ndi alembi, monga Ali ibn Abi Talib, Ubayy ibn Ka'b ndi Zayd ibn Thabit (Allah asangalale nawo), ndipo ndime ikatsika ankaitana mmodzi n'kumuuza Sura ndi malo oiika. Mapepala amene tikuwadziwa lero kunalibe ku Arabia. Ankalemba pa zikopa, pa miyala yafulati, pa nthambi za mitende ndi pa mafupa a mapewa a ngamira. Kulembaku kunayamba kale ku Makka. Tikukumbuka kuti Umar (RA) asanalowe Chisilamu anapeza kwa mlongo wake Fatima chikalata cholembedwa Surat Taha, ndipo kuwerenga chikalatacho ndi kumene kunafewetsa mtima wake.

Pamene Mtumiki (SAW) ankamwalira mu 632, Qur'an yonse inali italowezedwa komanso italembedwa, koma zolembazo zinali zobalalika m'makomo a anthu. Sizikanatheka kuzimanga buku limodzi iye ali moyo, chifukwa chivumbulutso chinali chikutsikabe.

Kenako kunabwera nkhondo ya Yamama. Mu ukhalifa wa Abu Bakr (RA), gulu la Asilamu lotsogozedwa ndi Khalid ibn al-Walid (RA) linapita kukathana ndi munthu wina dzina lake Musaylima, amene ankadzitcha mneneri. Asilamu anapambana, koma anataya anthu ambiri oloweza Qur'an. Pakati pawo panali Salim, mmodzi wa amene Mtumiki (SAW) analangiza anthu kuti aziphunzira Qur'an kwa iwo. Umar nayenso anataya m'bale wake Zayd ibn al-Khattab kunkhondo komweko. Umar anaona patali: ngati nkhondo zina zingatenge mahafidhi chonchi, mbali ina ya Qur'an ikhoza kupita nawo kumanda. Anapita kwa Abu Bakr kukamupempha kuti ilembedwe pamodzi.

Abu Bakr sanavomere msanga. Ankaopa kuchita chinthu chimene Mtumiki (SAW) sanachite. Umar anabwerezabwereza mpaka Abu Bakr anaona ubwino wake. Apa pali phunziro kwa ife amene timafulumira kudana pa nkhani za dini. Akuluakulu awiriwa anasiyana maganizo pa nkhani yaikulu, aliyense chifukwa choopa Allah, ndipo anakambirana mpaka anagwirizana.

Ntchitoyo anaipereka kwa Zayd ibn Thabit, mnyamata wa zaka zongopitirira 20. Zayd anali ndi zaka pafupifupi 11 pamene Mtumiki (SAW) ankafika ku Madina, ndipo anakula akulemba chivumbulutso. Iye mwini ananena kuti kusuntha phiri kukanamupepukira kuposa udindo umenewu. Ngakhale anali ataloweza Qur'an yonse, sanadalire mutu wake wokha. Ankafuna cholembedwa chenicheni ndi mboni ziwiri zochitsimikizira, kenako n'kuchiyerekeza ndi zimene anthu analoweza. Ndime ziwiri zomaliza za Surat At-Tawba anazifufuza mpaka anazipeza zolembedwa kwa Abu Khuzayma al-Ansari (RA). Zikalata zimene zinatuluka pa ntchitoyi zinasungidwa ndi Abu Bakr, kenako Umar, ndipo Umar atamwalira zinakhala m'manja mwa mwana wake Hafsa (RA), mkazi wa Mtumiki (SAW). Alongo athu asaiwale zimenezi: chuma chachikulu kwambiri cha Umma chinasungidwa m'nyumba ya mayi.

Vuto lachiwiri linadza chifukwa cha kukula kwa Chisilamu. Pofika nthawi ya Khalifa wachitatu, Uthman (RA), amene analamulira kuyambira 644 mpaka 656, Asilamu anali atafika ku Iraq, ku Sham, ku Egypt ndi ku Persia. Mzinda uliwonse unkatsatira kawerengedwe ka Swahaba amene anauphunzitsa: a ku Kufa ankatsatira Abdullah ibn Mas'ud, a ku Sham ankatsatira Ubayy ibn Ka'b. Mtumiki (SAW) anali atalola kawerengedwe kosiyanasiyana pofuna kupeputsira mitundu ya Aarabu, koma olowa kumene sankadziwa zimenezi. Hudhayfa ibn al-Yaman (RA), ali kunkhondo kumadera a Armenia ndi Azerbaijan, anaona asilikali a ku Iraq ndi a ku Sham akukangana, aliyense akuti kawerengedwe kake ndiye koona. Anabwerera ku Madina ali ndi mantha n'kuchenjeza Khalifa kuti achitepo kanthu Umma usanagawikane pa buku lake.

Uthman anabwereka zikalata zija kwa Hafsa n'kusankha anthu anayi: Zayd ibn Thabit yemwe uja, Abdullah ibn az-Zubayr, Sa'id ibn al-As ndi Abdurrahman ibn al-Harith. Anawalamula kuti akasiyana pa kalembedwe ka liwu, alembe m'chiyankhulo cha Quraysh. Misahafu imene analemba inatumizidwa kumizinda ikuluikulu monga Kufa, Basra ndi Damascus, wina unatsala ku Madina, ndipo zikalata za Hafsa zinabwezedwa kwa mwini wake. Kenako Uthman analamula kuti zolemba zina zonse za anthu ziwotchedwe.

Lamulo limeneli tisalibise kwa ana athu, chifukwa akapanda kulimva kwa ife adzalimva kwa ena litapotozedwa. Abdullah ibn Mas'ud zinamuwawa, poti iye anali atalandira Sura zambiri kuchokera pakamwa pa Mtumiki (SAW) Zayd akadali mwana. Koma Maswahaba ochuluka anavomereza, ndipo Ali (RA) anaikira kumbuyo zimene Uthman anachita. Zolemba za anthu payekhapayekha zinkasiyana m'kasanjidwe ka Sura ndi m'kawerengedwe, ndipo kuzisiya kukanapitiriza mkangano uja. Tikumbukirenso kuti ntchitoyi inachitika poyera, patangopita zaka zosakwana 25 Mtumiki (SAW) atamwalira, pamaso pa anthu ambirimbiri amene anaima kumbuyo kwake pa swala. Ndime ikanachotsedwa kapena kuwonjezeredwa, anthu amenewa sakanakhala chete.

Misahafu yoyambayo inalibe zizindikiro zimene timadalira lero. Zilembo monga ba, ta ndi tha zinkaoneka zofanana, ndipo munthu ankawerenga molondola chifukwa anamva kwa mphunzitsi. Anthu osakhala Aarabu atachuluka, akatswiri anayamba kuthandiza maso a owerenga. Abu al-Aswad ad-Du'ali wa ku Basra amatchulidwa kuti ndiye anayambitsa madontho osonyeza katchulidwe, ndipo pambuyo pake al-Khalil ibn Ahmad anakonza zizindikiro za fat-ha, kasra ndi dhamma zimene ana athu amayamba nazo kumadrasa. Ku Baghdad, Ibn Mujahid, amene anamwalira mu 936, analemba za njira zisanu ndi ziwiri zodalirika za kawerengedwe. Njira imene ife timawerengera ndi ya Hafs kuchokera kwa Asim, imene inafala kwambiri ndi Msahafu wosindikizidwa ku Cairo mu 1924, pomwe abale athu ambiri a ku Morocco ndi kumadzulo kwa Africa amawerengera njira ya Warsh. Chisamaliro chomwechi ndi chimene chinabala maphunziro a galamala ya Chiarabu, tafsiri ndi kufufuza mndandanda wa olandizana nkhani.

Ngakhale ofufuza amakono apeza umboni wa ukale wa zolembazi. Mu 2015, University of Birmingham inalengeza kuti zikopa ziwiri zimene imasunga, zokhala ndi mbali za Sura 18, 19 ndi 20, zitayezedwa zinapezeka kuti ndi za pakati pa 568 ndi 645. Kuyezako kumanena zaka za chikopa osati za inki, komabe mwana wathu amene amawerenga Surat Al-Kahf Lachisanu angazindikire mawu ali pamenepo.

Tikamaima pa Tarawehe usiku uno, tikumbukire kuti anali Umar yemwe uja amene anasonkhanitsa anthu kumbuyo kwa imamu mmodzi, Ubayy ibn Ka'b, pa swala imeneyi. Bukuli latifika kudzera mwa anthu amene analiloweza, analilemba pa mafupa, ndipo ena anafa nalo kunkhondo. Ife tili ndi Misahafu yosindikizidwa bwino, tili nayo m'mafoni, tili ndi matanthauzo ake m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chimene chatsala ndi gawo lathu. Tikamaliza futari, tikhale pansi ndi ana, tiwafotokozere za Zayd ndi za Hafsa, timve Sura imene aloweza, ndipo tiwerenge nawo tanthauzo lake. Amene tinasiya kuphunzira tili ang'ono, tisachite manyazi kubwerera kwa mwalimu.

Allah atilandire kusala kwathu ndi kuwerenga kwathu, ndipo awalipire zabwino onse amene anatisungira buku Lake. Ameen.