Njinga zotsika mtengo: zimene wogula amapindula ndi zimene amataya

Njinga zakapalasa zambiri zimene zimagulitsidwa m'masitolo a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu zimachokera ku China ndi ku India. Dziko la China ndilo limapanga njinga zochuluka kuposa dziko lina lililonse, pamene ku India ntchitoyi inakhazikika mumzinda wa Ludhiana, kumene kampani ya Hero Cycles inayambira m'chaka cha 1956. Kupanga njinga zambirimbiri nthawi imodzi kumatsitsa mtengo, koma mtengo ukatsika koposa, ndiye kuti pali zipangizo zina zimene wopanga wachepetsa kulimba kwake.

Pamene pamabisala vuto

Kawirikawiri vuto silikhala pa felemu. Felemu ya njinga yotchipa imakhala ya chitsulo cholemera koma cholimba, ndipo ikathyoka wowotcherera amailumikiza. Zofooka zimakhala zipangizo zing'onozing'ono: masipoko owonda amene amachita dzimbiri msanga, malimu opyapyala amene amapindika akagunda dzenje, mapedulo apulasitiki, mabuleki a chitsulo chofewa, ndi mahabu okhala ndi girisi wochepa amene amalowa fumbi ndi madzi. Komanso njinga zoterezi zimafika m'makatoni zisanamangidwe zonse, choncho ngati wozimanga m'sitolo sakuidziwa bwino ntchitoyi, ngakhale njinga yabwino imatuluka ndi manati osamangitsa.

Mitundu imene ili pamsika

Njinga zooneka ngati za m'mapiri, za magiya 18 kapena 21 ndi masipiling'i, ndizo zimakopa anthu ambiri am'tauni. Pa mtengo wotsika, zinthu zimenezi zimangowonjezera kulemera ndi malo oti awonongeke: magiya amasokonekera, tcheni chimagwaigwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njinga zakuda zachikale, za giya imodzi ndi matayala a mainchesi 28, zinatengera kapangidwe ka njinga za ku Britain monga Raleigh ndi Humber. Nzolemera, ndipo mabuleki ake sagwira bwino kukamagwa mvula, koma zipangizo zake zimapezeka pafupifupi pamsika uliwonse ndipo wokonza njinga aliyense amazidziwa. Nchifukwa chake akabaza ndi ogulitsa makala amazikonda, ngakhale kuti ambiri amayamba aikamo masipoko onenepa ndi kuwotcherera keliyala yolimba asanayambe kunyamulira katundu.

Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, inapangidwira misewu yafumbi, ndipo keliyala yake imasenza makilogalamu 100. Mtengo wake ndi wokwererapo. Palinso njinga zakaunjika, zimene nthawi zambiri zimakhala ndi zipangizo zabwino, koma chimodzi chikatha, chofanana nacho chimavuta kupeza.

Mtengo weniweni

Mtengo wa njinga si umene walembedwa m'sitolo wokha, koma uwo pamodzi ndi ndalama zokonzetsera komanso masiku amene njingayo yakhala isakuyenda. Kwa mwana amene akukula, kapena munthu woyenda mtunda waufupi pamsewu wa tala mwa apo ndi apo, njinga yotchipa ikhoza kukwanira. Kwa wakabaza, tsiku limene njinga yagona kwa okonza ndi tsiku lopanda ndalama ya ufa.

Wogula ayenera kuzungulitsa matayala kuti aone ngati limu silikupotoka, kugwedeza tayala ndi mahandulo kuti amve ngati sizikukhwepa, kuyesa mabuleki onse awiri, ndi kufunsa ngati zipangizo zake zikupezeka pafupi. Ndi bwinonso kuipititsa njinga yatsopano kwa wokonza kuti aikunge masipoko, aimange manati ndi kuiika girisi isanayambe ulendo. Ndalama zikakhala zochepa, njinga ya zipangizo zochepa ndiyo imakhalitsa.