Jumbe Tawakali Sudi ndi Pangano la 1889



Mwezi wa Ramadan umatiphunzitsa kudziweruza tokha tisanaweruze ena. N'chifukwa chake ndi nyengo yabwino yowerenga masamba owawa a mbiri yathu. Lero tikambe za Msilamu wina wa dziko lino amene adasankha kugwira ntchito ndi Angerezi pa nthawi imene iwo ankalanda dziko ndi mfuti: Jumbe Tawakali Sudi wa ku Nkhotakota, yemwe ena amamutchula kuti Mwinyi Kisutu.

Mpando wa Jumbe udayamba ndi Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, m'dera la mfumu ya Achewa, Malengachanzi. Adakhoma zombo zoolotsa katundu pa nyanja, ndipo katunduyo ankapitirira pamtunda mpaka ku Kilwa. Ajumbe adabweretsa ulimi wa mpunga umene ukudyetsa anthu a kumeneko mpaka lero, ndipo m'nthawi yawo adhana idayamba kumveka m'mbali imeneyo ya nyanja. Koma tisabise mawu: chuma chawo chidachokera ku minyanga ya njovu ndi akapolo. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankaoloka pa doko limeneli osadzabwereranso.

Tawakali Sudi adali Jumbe wachitatu, ndipo adakhala pa mpando m'zaka za m'ma 1870. Ankakweza mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar ndi kudziona ngati nthumwi yake pa nyanja. Ngakhale adali ndi mfuti zambiri, mpando wake sudali wokhazikika. Kutsidya kwa nyanja kudali Makanjira, mfumu yamphamvu ya Ayao, amene ankalimbirana naye njira za malonda. Kumtunda kudali Angoni. M'dera lake lomwe mudali nduna zimene zidali ndi mfuti ndi anyamata awoawo, ndipo zinkamumvera pokhapokha zikaona phindu.

Pofika 1888 mphepo idatembenuka. Ajeremani adali atalowa kugombe la kum'mawa, ndipo Abushiri bin Salim, amene adatsogolera nkhondo yowakana, adapachikidwa ku Pangani mu December 1889. Mphamvu za Sultan zinkatha, kufikira Zanzibar yeniyeniyo idalowa m'manja mwa Angerezi mu 1890. Kumpoto kwa nyanja yathu, kampani ya African Lakes idali pa nkhondo ndi Mlozi ku Karonga kuyambira 1887. Kum'mwera Apwitikizi ankakwera mtsinje wa Shire. Munthu wamalonda ngati Jumbe adaona yekha kuti mtengo umene ankatsamira wafumbwa.

M'nyengo imeneyi, mu 1889, Harry Johnston adafika ku Nkhotakota atanyamula makalata ochokera kwa Sultan wa ku Zanzibar. Jumbe adamulandira bwino ndipo adasainira pangano lolowa pansi pa chitetezo cha Britain. Iye adalonjezedwa ndalama chaka ndi chaka, mpando wake n'kukhalabe m'manja mwake. Dzina la Jumbe linkalemekezedwa pakati pa Aswahili a pa nyanja, ndipo lidathandiza Johnston kuimitsa nkhondo ya ku Karonga mu October chaka chomwecho. Tionepo pamenepa: Angerezi, amene ankalalikira kuti abwera kudzathetsa ukapolo, bwenzi lawo loyamba pa nyanja adali mwini wa limodzi la madoko akuluakulu a akapolo. Aliyense mwa awiriwa ankafuna zake.

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pake, ndipo Johnston adabweretsa asilikali a Chisikh ochokera ku India. Kuyambira chaka chimenecho mpaka 1895 kudali nkhondo zotsatizana ndi mafumu a Chiyao: Makanjira, Jalasi, Kawinga, Matipwiri ndi ena. Mu December 1891 anthu a Makanjira adapha Captain Cecil Maguire, mkulu wa asilikaliwo, pamene ankafuna kuononga zombo zawo. Angerezi adali ochepa ndipo zida zawo zinkadalira sitima za pa nyanja. Jumbe akadatembenuka nthawi imeneyo, ntchito yawo ikadavuta kwambiri. Koma sadatembenuke. Mdani wa Angerezi adali mdani wake wakale, ndipo kugwa kwa Makanjira kudali phindu kwa iye, ngakhale onse awiri ankayang'ana Qibla imodzi.

Mu 1893 nduna yake ina, Chiwaula, idamuukira mogwirizana ndi Makanjira. Jumbe, atakalamba, adalephera kuigonjetsa yekha. Asilikali a Johnston ndi amene adabwera kudzagumula linga la Chiwaula, ndipo chaka chomwecho mudzi wa Makanjira udagonjetsedwa, Angerezi n'kumangako linga lotchedwa Fort Maguire. Pooneka ndi maso Jumbe adapambana. Koma mfumu imene yapulumutsidwa ndi mfuti za mlendo pakhomo pake pomwe, ufumu wake watha kale ngakhale ikadali pa mpando.

Tawakali Sudi adamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheri, adangokhala miyezi yochepa: Angerezi adamuimba mlandu wakupha, adamuchotsa, ndipo pofika 1895 adali atapirikitsidwira ku Zanzibar. Jumbe wina sadalongedwenso. Nkhotakota idasanduka boma lolamulidwa ndi Mzungu, anthu adayamba kukhoma msonkho wa nyumba, ndipo amishoni a UMCA adakhazikika pomwepo mu 1894. Mu December 1895 Mlozi adapachikidwa ku Karonga, ndipo mwezi womwewo Alfred Swann adanyamuka ku Nkhotakota ndi gulu lankhondo lomwe mudalinso anthu a m'deralo kukagonjetsa Mwase wa ku Kasungu. Akuluakulu adanena zoona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pangano limene lidayenera kuteteza mpando lidatha pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi, pamene mwini mpandoyo adasiya kufunika.

Ife a kuno ku Kapichi tingaganize kuti iyi ndi nkhani ya kutali, ya anthu a kunyanja. Koma boma limene Jumbe adathandiza kulimbitsa ndi lomwelo limene, kuyambira 1892, lidapereka kwa Azungu monga Eugene Sharrer zikalata za Certificate of Claim, zotsimikiza kuti malo aakulu a kumapiri kuno ndi awo. Pa malo amenewo ndi pamene makolo ambiri, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, adagwira thangata kuti aloledwe kukhala ndi nyumba ndi kamunda. Minda ya tiyi imene timadutsamo popita ku mzikiti idamera pa nthaka yogawidwa ndi dzanja lomwe lija lidasainira pangano ku Nkhotakota. Kunonso kudali mafumu amene adadinda chala pa mapepala polandira nsalu ndi mfuti.

Nanga timuweruze bwanji munthu ameneyu? N'zosavuta kunena kuti Jumbe adali wogulitsa abale ndipo Makanjira ndi Mlozi adali ngwazi. Chilungamo sichikutilola kutero. Amene adakana Angerezi ankateteza ufulu wawo, inde, koma ankatetezanso malonda a anthu. Ndipo pangano la Jumbe lidali ndi chabwino chake: pamene midzi ya mafumu ena inkapsa, mudzi wake sudaotchedwe, ana sadathawire kumapiri, ndipo Nkhotakota ikadali mudzi waukulu wa Asilamu mpaka lero. Amayi amene nyumba zawo zidapulumuka sakadamutcha woipa.

Chipembedzo chathu chimatipatsa muyeso wabwino kuposa kutukwana kapena kutamanda. Kupangana ndi mdani pakokha si tchimo: Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) adapangana ndi Aquraish ku Hudaibiya m'chaka cha 6 chisamukire ku Madina, ngakhale maswahaba ena zidawawawa. Koma pangano limenelo lidali la Ummah wonse, lochitika poyera, lotsegulira anthu njira ya mtendere. Patapita zaka ziwiri, Makka isanagonjetsedwe mu Ramadan ya chaka cha 8, swahaba Hatib bin Abi Balta'a (radhiya Allahu anhu) adatumiza kalata mobisa kwa Aquraish pofuna kuteteza abale ake. Mtumiki adayamba wamufunsa chifukwa chake, ndipo adamukhululukira pokumbukira kuti adamenya nawo nkhondo ya Badr. Komabe ndime zoyamba za Surah Al-Mumtahana zidatsika kudzudzula mchitidwewo. Munthu adamveredwa chifundo, koma ntchito yake sidayeretsedwe.

Choncho funso loyenera kufunsa pa pangano lililonse ndi lakuti likuteteza yani. La Jumbe lidateteza mpando ndi thumba lake poyamba. Anthu wamba adapeza mthunzi, koma sadafunsidwe, ndipo amene adali ataoloka kale nyanja m'magoli panalibe wowakumbukira. Kulakwa kwake kwakukulu sikudayambe tsiku limene adagwira chanza Johnston. Kudayamba kale, pamene ufumu udamangidwa pa mfuti ndi kugulitsa anthu. Mtsogoleri amene anthu ake amamuopa m'malo momukonda, tsiku la mavuto sakhala ndi wothawirako koma mlendo.

Chimene chidasunga Chisilamu m'dziko lino si pangano la Jumbe, si mfuti za Makanjira. Mipando yonse iwiri itagwa, adatsala ndi mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene ankayenda m'midzi kuphunzitsa Qur'an ndi kusula amwalimu. M'zaka zimene mphamvu za mafumu zidathyoledwa ndi m'mene Chisilamu chidafalikira kwambiri pakati pa anthu wamba.

Ana athu a m'madrasa ndi m'sukulu, ena mwa inu mudzakhala mafumu, makhansala, akapitawo a m'minda ya tiyi kapena a m'komiti ya mzikiti. Amphamvu adzabwera ndi mapepala ndi malonjezo, ndipo nthawi zina kukana sikudzatheka. Musanasaine, mudzaitane anthu anu, mudzawawerengere mokweza, ndipo mudzadzifunse amene adzalipire pangano limenelo inu mutapita.

Tawakali Sudi ali kwa Mbuye wake, ndipo chiweruzo chake chili m'manja mwa Allah yekha. Timupemphe Allah (Subhanahu wa Ta'ala) kuti alandire swaumu zathu, achitire chifundo onse amene adaponderezedwa m'masiku amenewo, ndipo atipatse atsogoleri oopa Iye kuposa kuopa kutaya mpando. Ameen.