Mbiri ya Ziweto m'Dziko la Ansenga

Munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka, akaoloka Luangwa nafika ku Nyimba ndi ku Petauke, amakumana ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo angaganize kuti Ansenga akhala oweta ng'ombe ciyambire makolo ao. Koma mbiri ikunena zina. Ng'ombe zambiri za m'dziko lino nza dzulodzulo, ndipo amene anazitsekera njira zaka zonsezo sanali mfumu kapena mdani wa mikondo ai, koma kacirombo kakang'ono konga nchenche, kamene timati kashembe.

Dziko la Ansenga liri pawiri. Kuli mtunda, kumene kuli Petauke ndi midzi ya Kalindawalo, Mumbi ndi Mwanjawanthu. Kulinso cigwa cotentha cotsikira ku Luangwa, Lukusashi ndi Lunsemfwa, kwa Nyalugwe, Luembe ndi Mwape m'boma la Nyimba. M'nkhalango za kucigwa mumakhala njati, mphalapala ndi njiri, ndipo m'mwazi wa nyamazi muli tizirombo tosaoneka ndi maso, timene sitizipha izo. Kashembe akayamwa mwazi umenewo nakaluma ng'ombe, ng'ombeyo imayamba kuonda, ubweya unyankhalala, maso acita misozi, ndipo patapita miyezi yowerengeka imafa.

Cifukwa ca ici makolo a Ansenga anaika mtima pa ziweto zazing'ono: mbuzi, nkhuku, nkhunda ndi agaru osakira nyama. Mbuzi ya kuno njaing'ono thupi, koma imapirira kashembe koposa ng'ombe. Ndiyo inali kutha mirandu, ndiyo inali kuphedwa pa maliro ndi pofika mlendo wolemekezeka. Ukwati sunali kulira khola la ng'ombe, popeza mkamwini anali kukhala kwao kwa mkazi nalimira apongozi ace. Zobvala sizinali kucokera ku ubweya wa ciweto, koma ku nkhwende, ku zikopa ndi ku thonje limene anthu anali kulima ndi kuomba okha. Cuma ca malonda cinali minyanga ya njobvu, imene inali kupita kwa Apwitikizi ku Zumbo.

Anthu a ng'ombe anafika m'caka ca 1835. M'mwezi wa November, tsiku limene dzuwa linada masana, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, nakhala m'dziko la Ansenga zaka ngati zinai asanapitirire kumpoto. Patapita zaka zambiri mwana wace Mpezeni anabwerera, napondereza midzi ya Ansenga, nakhazikika ku mapiri a kum'mawa kumene lero kuli Chipata. Kumeneko anthu anacuruka pamalo amodzi nadula mitengo, nyama za m'thengo zinathawa, ndipo kashembe anasowa mthunzi ndi cakudya. Motero makola a Angoni anadzala. Angoni anatenga cinenero ca akazi Acinsenga amene anawakwatira, koma ng'ombe zinatsala m'manja mwa ogonjetsawo. Mtundu wa ng'ombezo, za nyanga zazifupi ndi linunda pamsana, ukuchedwabe Angoni kufikira lero.

Zaka khumi zotsiriza za m'ma 1800 zinagubuduza zonse. Mliri wa ng'ombe umene Azungu amati rinderpest unalowa mu Africa ca ku Eritrea m'caka ca 1887, nufika kumpoto kwa dziko lino mu 1892, nuoloka Zambezi mu 1896. Unapha ng'ombe, unaphanso njati ndi nyama zina zosawerengeka, kotero kuti kashembe anacepa m'malo ambiri. Koma mpata umenewu sunapindulire eni dziko. Mu January 1898 asilikari a Angerezi ocokera ku Nyasaland anathyola Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa mfuti, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa.

Pambuyo pace kashembe anabwera ndi mphamvu yoposa kale. Wolemba mbiri Leroy Vail, m'nkhani yace ya 1977, anafotokoza m'mene zinayendera. Boma la atsamunda linaika malamulo oletsa kusaka, ndipo nyama zinaswananso. Msonkho unatulutsa amuna m'midzi kukagwira nchito ku Southern Rhodesia, minda nitsala yosalimidwa. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikuru, anthu nakankhidwira m'malo opatulidwa, m'mene anapanikizana naguga nthaka, pamene dziko limene anacotsedwamo linasanduka thengo. Thengo ndilo nyumba ya kashembe. Anthu omwe sanapulumuke: m'caka ca 1910 akatswiri Stephens ndi Fantham anazindikira mtundu watsopano wa nthenda ya kaodzera mwa munthu amene anaitenga m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti woifalitsa ndi kashembe yemweyo.

Zinthu zinayamba kutembenuka pamene boma linagula dziko la kampani ija mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Kuyambira 1948 kunabwera makonzedwe a mafamu aang'ono, m'mene mlimi anali kukongozedwa ng'ombe ndi pulawo kuti alime mtedza ndi cimanga zogulitsa. Pa miseu panamangidwa zipata zopoperapo magalimoto mankhwala kuti asanyamule kashembe. Mankhwala obaya ng'ombe, Berenil ndi Samorin, anafika m'midzi. Ndipo mu 1986 maiko a Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anagwirizana, ndi thandizo la ndalama zocokera ku Ulaya, kuchera kashembe ndi nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, zonyikidwa m'mankhwala ndi kupatsidwa pfungo lomkopa. Mwa njira zimenezi ng'ombe zinafalikira pa mtunda wa Petauke, ndipo Mnsenga amene agogo ace sanagwirepo goli anaphunzira kulimitsa ng'ombe. Kucigwa kashembe akalipobe, ndipo mbuzi ikali mfumu ya khola.

Adani ena sanasowe. Nkhupakupa zimabweretsa cigodola cimene cimapha ana a ng'ombe. Cigodola ca nkhumba cinalembedwa koyamba m'cigawo ca Kum'mawa mu 1912, ndipo cifukwa ca ico boma linaletsa kwa zaka zambiri kuolotsa nkhumba pa Luangwa kupita nazo ku misika ya ku Lusaka.

Tsono popeza ng'ombe tiri nazo, pabuka funso lina: tiwete zotani? Pa zionetsero za ulimi, kuyambira za m'maboma kufikira cacikuru ca ku Lusaka, maso a anthu amathamangira nkhunzi zazikuru za mitundu yakunja, monga Brahman, ndipo mlimi amabwerera kwao ali kupeputsa kang'ombe kace ka Angoni. Pano tingaphunzire kanthu kwa anthu akutali, okhala m'mapiri a Andes ku Peru ndi Bolivia, amene nawonso ali ndi ciweto cao ca makolo.

Ciwetoco ndi llama, mbale wace wa ngamira koma wopanda linunda, cimene anthu a kumeneko anaciweta zaka zikwi zingapo zapitazo kucokera ku nyama ya m'thengo yochedwa guanaco. Cimasenza katundu wa makilogalamu 25 kapena 30 m'njira za miyala, ubweya wace amaombera zopfunda ndi zingwe, nyama yace amaifutsa, ndowe zace amasonkhera moto. Aspanya atafika ndi Francisco Pizarro mu 1532 anadza ndi nkhosa, ng'ombe ndi akavalo, ndipo llama inakankhidwira pamwamba pa mapiri, kumene ziweto zacilendo zinali kubvutika ndi cisanu ndi udzu wouma. Kumeneko inasunga eni ace kufikira lero. Koma m'zaka za m'ma 1980 anthu olemera a ku United States anayamba kuiweta cifukwa ca zionetsero, ubweya ndi kungokondwera nayo pakhomo, ndipo mitengo yace inakwera kopambana. Cikondi cimeneco citazirala, ciwerengero cinatsika kucokera pafupifupi 145,000 mu 2002 kufika posakwana 40,000 mu 2017. Ciweto cimodzimodzi cinakhazikika kumene cinali kugwira nchito yoyenerana ndi dziko, cinafota kumene cinali cokondweretsa maso.

Akuru anati mlendo ndi mame. Ng'ombe yakunja iri ndi ubwino wace, ndipo amene ali ndi dibi, mankhwala ndi msipu wokwanira angapindule nayo. Koma ng'ombe ya Angoni inazolowera dzuwa la mwezi wa October, imayenda mtunda wautali kufuna madzi, imabereka ngakhale udzu utacepa, ndipo imalimba ku nthenda za nkhupakupa koposa zobwera. Mikhalidwe imeneyi siioneka pa bwalo la cionetsero tsiku limodzi. Inaumbidwa ndi mibadwo yambiri ya cirala ndi matenda, ndipo ikasungunuka mwa kusakaniza mitundu mosasamala, palibe sitolo imene tingakaigulenso.

Cifukwa cace inu alimi a Petauke ndi Nyimba, posankha nkhunzi kapena tonde wa m'khola mwanu, musayambe mwafunsa za kukula kwa thupi. Yambani mwafunsa ngati amace anapulumuka zaka zoipa, ngati anabala kawirikawiri, ndi ngati ana ace anakula. Makolo anu anasunga mbuzi pakati pa kashembe mwa kusankha kotere, ndipo ng'ombe zimene munazipeza mobvutika zidzasungika mwa njira yomweyo.